Komwe Imagona Nkhuku ya a Konsitabolo

Kuseri kwa mapiri amene aliyense amati adzakwera mawa, kunali ufumu wa Kwathunkutali. Likulu lake linali mzinda wa Tangobwera. Anthu ankabadwira mumzindamo, kukwatira momwemo, kuguluka mano momwemo, koma ukamufunsa munthu kwawo ankaloza kumapiri n'kunena kuti kuno wangobwera kudzaona kaye mmene zinthu zilili.

Apolisi ndiwo ankausunga bwino mwambo umenewu. Onse ankakhala kutsidya kwa mtsinje wa Dikirani, m'mudzi wa Phumulani, kumene kunali madimba a dothi lakuda ndi mithunzi ya mango. Ankafika mumzinda dzuwa litakwera, atathirira kale mpiru, ndipo ankabwerera lisanapendeke kwenikweni kuti akatsekere mbuzi. Akuba a mu Tangobwera anali anthu aulemu. Sankafuna kusokoneza anzawo pantchito, choncho ankadikira kuti njinga yomaliza ya boma iwoloke mlatho, kenaka n'kuyamba yawo.

Mmodzi mwa apolisiwo anali a Konsitabolo Lufeyo Chimtengo, bambo wofatsa, wa ndevu za imvi, amene ankayang'anira dera la Tsekanimsanga. Dzina la derali linachokera pa mawu otsazikana, pakuti kumeneko anthu sankati gonani bwino, ankati tsekani msanga. A Chimtengo anali atatsala ndi dzinja limodzi kuti apume pantchito. Mwambo wa ufumuwo unali wakuti wapolisi akapuma mwaulemu, njinga ya boma imene wakhala akukwera imakhala yake, koma akachotsedwa amabwerera kwawo wapansi. Njinga imeneyi a Chimtengo ankaikonda ngati mwana wachisamba. Ankaipukuta ndi malaya awo akale a paukwati, ndipo mvula ikamagwa ankaifunditsa jekete, iwo n'kumanyowa. Maloto awo onse anali oti adzanyamulirepo tomato kupita naye kumsika, atavala chipewa cha mlaza, popanda bwana woti azimuchitira sawatcha.

Zinthu zikanayenda choncho chikanapanda kubedwa chitseko cha pachipata cha kunyumba yachifumu. Mfumu Yaikulu Ndamvakale, imene inatchedwa choncho chifukwa sinkadikira kuti munthu amalize kulankhula, inadzuka ku tulo ta masana n'kupeza mbuzi za anthu zikudya maluwa pabwalo. Pomwe panali chitseko chachitsulo, cha mikango iwiri yoyang'anana, panangotsala mphepo. Inaitana apolisi, koma panalibe wovomera. Inatuma mthenga ku Phumulani, ndipo mthengayo anabwerera ndi yankho lakuti apolisi amva, apepesa kwambiri, abwera akamaliza kupalira.

Mfumu inasonkhanitsa nduna zake n'kulamula kuti kuyambira tsiku limenelo wapolisi aliyense azikhala m'dera limene amalondera, ndipo wopezeka akukhala kwina avulidwe yunifolomu, alandidwe njinga. Nduna zinaomba m'manja mpaka nkhunda zinathawa padenga. Kenaka Nduna Yofotokoza Zomveka inadzuka n'kufunsa mwaulemu kuti kodi munthu timadziwa bwanji komwe akukhala.

Funso limeneli linatha mbuzi zingapo za mfumu, poti nduna sizikambirana ndi njala. Nduna ina inati munthu amakhala komwe amagona. Koma ena anakumbutsa kuti wapolisi amagona paliponse, pabenchi la kupolisi, pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu, ena ngakhale ali chiimire paperete, kotero lamulo lotere likanatanthauza kuti apolisi akukhala kale mzinda wonse. Ina inati munthu amakhala komwe mkazi wake amaphika. Apa nduna zingapo zinayamba kutsokomola n'kupempha kuti mfundoyo isapitirire, chifukwa ikanachititsa anthu ena olemekezeka kukhala malo atatu nthawi imodzi. Ina inati kwawo kwa munthu n'komwe adzaikidwe akadzafa, koma anaona kuti zikatero ndiye kuti mu Tangobwera simukhala munthu ndi mmodzi yemwe, ndi mfumu yomwe.

Pomaliza inadzuka Nduna ya Ziweto Zazing'ono, imene inali isanalankhulepo chilowere m'bwalolo.

"Mfumu," inatero, "munthu amanama, koma nkhuku sinama. Dzuwa likalowa imapita kwawo. Komwe imagona nkhuku ya munthu..."

"Ndamva kale," inatero mfumu.

Ndipo mawu omwewo, mmene anathera pakati pomwepo, anakhala lamulo. Mkulu wina wokonda malamulo, a Pondeponde, anaikidwa kukhala Woyendera Makola, kuti aziyenda dera ndi dera nthawi yolowa nkhuku n'kumaona ngati apolisi akukhaladi m'malo awo.

Ku Phumulani lamulolo linalandiridwa ndi chimwemwe. Mmawa mwake mlatho wa Dikirani unadzaza njinga, iliyonse ili ndi nkhuku yomangirira pakaliyala. Apolisi anakazisiya m'madera awo, madzulo n'kubwerera kumadimba monga kale, koma tsopano ali anthu okhala mumzinda mwalamulo.

A Chimtengo okha ndiwo anavutika. Chideru chinali chitasesa khola lawo chaka chathacho n'kusiya nkhuku imodzi yokha, thadzi lofiira la chala chopindika, ndipo silinali lawo. Linali la mkazi wawo Nagama, amene anapatsidwa ndi azakhali ake asanamwalire. A Chimtengo anazungulira nkhaniyo kuyambira nthawi ya phala mpaka ya nkhomaliro. Anayamba ndi chitseko cha mfumu, anadutsa pa nduna, anafika pa njinga, n'kuthera pa tomato. Nagama anamvetsera akusenda mbatata.

"Itengeni," anatero pomaliza. "Koma ikakasowa, inunso mukasowere komweko."

Ku Tsekanimsanga anaipezera malo kwa Mayi Chikopa, mkazi wamasiye wogulitsa zitumbuwa, amene mawu ake ankamveka mpaka kumsika ngakhale akunong'ona. Anaimanga mwendo ndi kansalu kutsinde la gwafa, monga ichitidwira nkhuku iliyonse yachilendo kuti izolowere pakhomo. A Chimtengo anailangiza pang'ono, anaitsanzika, n'kupalasa kubwerera ku Phumulani.

Anthu a m'deralo anailandira nkhaniyo mwamtendere. Poti lamulo linati wapolisi akukhala pansi pa gwafa, iwo anayamba kuitchula nkhukuyo kuti a Konsitabolo. Abambo podutsa ankavula zipewa. Kumsika mayi wogulitsa makala anati aka kanali koyamba boma kugona m'dera lawo, ndipo chokondweretsa n'chakuti silichita nkonono. Wogulitsa usipa anati wapolisi watsopanoyu ngwabwino, sakuimitsa pamsewu n'kumakufunsa za nyali ya njinga masanasana, umangomuponyera madeya basi. Amayi awiri amene anakhala chaka akukangana za chingwe choyanikira zovala anapita kukakhala pansi pa gwafa n'kufotokoza mlandu wawo. Nkhuku inapendeketsa mutu kwa woyamba, inapendeketsanso kwa wachiwiri, osadula mawu a aliyense. Amayiwo anachoka atagwirana manja, akunena kuti chibadwire boma linali lisanawamvetserepo choncho.

Koma posakhalitsa a Chimtengo anafika mmawa n'kupeza thadzi lili zyolizyoli, mapiko atagwa, chithokomiro chake chili pululu. Mayi Chikopa anawauza kuti nkhukuyo yakana chakudya. Anati nkhuku ya kumudzi sidya za m'manja mwa mlendo, inazolowera kumva chifuwa cha mwini wake mbandakucha, ndipo ngati a Konsitabolo akufuna kuti ione mwezi wamawa, ayenera kumaidyetsa okha ikamalowa ndi ikamatuluka. Alipo amene amanena kuti Mayi Chikopa ankabisa madeya kuseri kwa mtsuko dala, koma anthu amanena zambiri.

A Chimtengo anayang'ana nkhuku, anayang'ana njinga, anakumbuka mawu a Nagama. Tsiku limenelo sanawoloke mlatho. Anayala mphasa m'kakhitchini ka Mayi Chikopa, njinga ili pambali pawo. Mmawa anatsokomola, anamwaza madeya, ndipo nkhuku inadya ngati yachokera kundende. Atayesa kubwerera kumudzi, mawa lake anaipezanso ili zyolizyoli. Basi anatumiza mawu kwa Nagama kuti achedwerako pang'ono. Yankho linabwera lofunsa ngati nkhuku ikudya. Za iwo silinafunse.

Choncho, mosafuna, a Chimtengo anakhala wapolisi yekhayo mu ufumu wonse wogona m'dera lake, ndipo anayamba kuona zinthu zimene kwa zaka zonsezo ankangozimva pakauntala.

Tsiku loyamba kudziphikira anapeza alibe mchere. Anagogoda khomo loyandikana nalo, ndipo anatsegula ndi Fulatira, mwamuna wowonda, wa maso aulemu, amene dzina lake linkatchulidwa pa mlandu uliwonse wa m'deralo koma a Chimtengo anali asanamuonepo nkhope, pakuti ntchito zawo zinkayamba nthawi zosiyana. Fulatira anawapatsa moni wa manja awiri, osawalowetsa m'nyumba, n'kuwatengera mchere pasupuni yokongola kwambiri, yosagwirizana ndi nyumbayo. A Chimtengo anaiyang'ana supuniyo, n'kukumbuka kuti munthu sumanga amene mchere wake uli m'ndiwo zako. Anathokoza, anaibweza yotsuka.

Anaphunzira kuti pampopi wa pakona madzi amatuluka kukamacha kokha, ndipo anthu ankamenyana ndi zidebe. Anakaima nawo pamzere ndi ndowa yawo, ndipo mzerewo unawongoka wokha. Anaphunzira kuti zipupa za ku Tsekanimsanga n'zopyapyala ngati chikopa cha anyezi. Bambo wina wa kuseri, amene akamwa ankayesa mkazi wake ng'oma, atangoyamba kukweza mawu anamva chifuwa cha boma kuseri kwa khoma, ndipo anamaliza chiganizo chakecho ndi nyimbo ya kutchalitchi. Kutagwa maliro, a Chimtengo anavula jekete n'kukumba nawo manda ndi adzukulu, ndipo anthu anadabwa kuona kuti wapolisi amatha khasu kuposa iwo. Iwo anangoti khasu ndiye ntchito yawo yeniyeni, upolisi ankangodutsiramo.

Pang'onopang'ono amayi anayamba kuiwala zovala pachingwe n'kuzipeza mmawa zilipo. Ogulitsa mandasi anasiya kuthawa dzuwa lisanalowe. Anthu potsanzikana anayamba kunena kuti tsekani mukafuna. Fulatira anawonderawondera, ndipo pabawo ankadandaula kuti kale boma linkadziwa malire ake, koma tsopano lafika pobwereka mchere. Nkhuku nayo inazolowera, anaimasula kansalu kaja, ndipo inkayenda dera lonse ikutola zake, anthu akuipatsa njira.

Kenaka kunabwera mthenga ndi ng'oma kudzalengeza kuti Loweruka, nthawi yolowa nkhuku, a Pondeponde adzafika ku Tsekanimsanga kudzaona khola. A Chimtengo sanade nkhawa. Anasesa kakhola, anayalamo udzu watsopano, anapukuta njinga.

Amene anada nkhawa anali amayi. Atakumana pampopi, Mayi Chikopa anawakumbutsa za manyazi aakulu. Munthu wakhala pakati pawo nthawi yonseyi, wawongola mzere wa madzi, wakumba manda a m'bale wawo, koma palibe amene wamuphera nkhuku. Kodi mlendo amalandiridwa ndi masamba? Nanga Woyendera Makola akadzafunsa kuti mlendo wanuyu munamuphera chiyani, adzayankha kuti bonongwe? Anagwirizana kuti Loweruka lomwelo masana amukonzere phwando, kuti akuluakulu adzamupeze milomo ikunyezimira. Vuto linali lakuti ku Tsekanimsanga kunalibe woweta nkhuku, pa zifukwa zimene Fulatira ankazidziwa bwino. Choncho anatuma Fulatira yemweyo kuti akapeze nkhuku, poti ndiye ankadziwa komwe zinthu zimakhala.

Loweruka mmawa Fulatira anabwera nayo yososola kale, yodula mutu, yonona bwino. Palibe anafunsa komwe yachokera. Ku Tsekanimsanga kufunsa komwe ndiwo zachokera kunali kupanda mwambo.

Anayala mikeka pansi pa gwafa. A Chimtengo anawakhazika pampando wokhawo wa miyendo yokwanira, n'kuwapatsa nthutumba, monga ayenera mlendo wolemekezeka, ndi ntchafu pamwamba. Ena onse anagawana timagawo tating'ono, ndipo msuzi anautumiza m'tizibakuli kunyumba iliyonse, kwa okalamba, odwala ndi amanyazi, kuti pasapezeke wonena kuti sanalawe. A Chimtengo anagwidwa ndi chisoni chokoma. Anaimirira n'kunena kuti zaka zonsezi ankayesa Tsekanimsanga ndi dzina la milandu, osadziwa kuti kuli anthu. Anawonjezera kuti nkhuku imeneyi, aliyense amene anaiweta, anaiweta ndi chikondi.

Atakhala pansi, maso awo anagwera pa Fulatira, amene ankayamwa phazi la nkhuku kumapeto kwa mkeka. Phazilo linali ndi chala chimodzi chopindika.

A Chimtengo anatembenuka. Anayang'ana kukhola, anayang'ana kudzala, anayang'ana pansi pa nkhokwe ya makala, komwe thadzi linkakonda kusamba fumbi. Kunali zii.

"Achimwene," anatero mofatsa, "chala chimenecho chapindikira mumphika?"

"Ayi, bwana. Chinabwera chopindika."

Anthu anasiya kutafuna. Mayi Chikopa anaika manja kumutu. Fulatira anapukuta pakamwa n'kufotokoza mwaulemu kuti iye anauzidwa kuti apeze nkhuku, ndipo anaipeza. Chibwerere a Konsitabolo, iye analumbira kuti sadzabanso cha munthu, ndipo lumbirolo analisunga. Akanatenga nkhuku ya kudera lina, kukanakhala kuba. Koma iyi waitenga kwa mwini wake n'kuibweza kwa mwini wake yemweyo, yophika kale, ndipo mwini wakeyo waiyamikira pagulu. Iye sankaona pomwe palakwika.

A Chimtengo sanakalipe. Anadzuka pang'onopang'ono, anapita pomwe anatsamiritsa njinga, n'kuyamba kuipukuta ndi mkono wa jekete, kuyambira belu mpaka sipoko. Ankaona tomato wawo akuwolera kudimba. Ankadziona akuwoloka mlatho wapansi, n'kukumbuka kuti ngakhale kutsidyako kulibe kolowera, pakuti Nagama ananena momveka. Wina anati akabwereke nkhuku ya wapolisi wa dera loyandikana nalo, koma aliyense anali atakumbatira yake tsiku limenelo. Wina anati Fulatira avale nthenga akakhale m'khola, poti ndiye wowonda. Akukambirana choncho, kunamveka belu kumsewu.

A Pondeponde anafika atakwera kabaza, atafunda ambulera ngakhale dzuwa linali litafiira kale. Anali munthu wamfupi, wa mimba yaulemu, ndi ndodo ya belu kunsonga. Anapatsa anthu moni m'dzina la mfumu, anagwada pakhola, anasuzumira, analowetsa ndodo n'kuigwedeza. Belu linalira lokha m'katimo.

"A Konsitabolo Chimtengo, nkhuku yanu igona kuti lero?"

A Chimtengo anali munthu wosatha kunama. Anatsegula pakamwa, dzanja lili kale palamba wa yunifolomu kuti amasule. Koma Mayi Chikopa anawadutsa, anagwada patsogolo pa a Pondeponde n'kupempha kuti iye, mayi wosaphunzira, akumbutsidwe mawu a lamulolo. A Pondeponde anatukula chifuwa n'kunena kuti lamulo likuti komwe imagona nkhuku ya munthu. Mayiyo anafunsa ngati likupitirira. Anati ayi, mfumu inamva kale pamenepo. Anafunsa ngati likutchula nthenga. Silikutchula. Anafunsa ngati likunena kuti nkhukuyo izigona ili pamodzi kapena yogawa. A Pondeponde anaganiza kwa nthawi, n'kuvomera kuti pa mfundo imeneyo lamulo lili chete.

"Ndiye igona konkuno, bwana," anatero Mayi Chikopa. "Nthutumba ndi ntchafu zigona mwa a Konsitabolo. Phiko ligona mwa ine. Khosi ligona kwa abambo a kuseriwa. Msuzi ugona nyumba zonse. Nkhuku imeneyi sinagonepo ku Tsekanimsanga ngati mmene igonere lero."

Anthu anavomereza ndi mitu, ena akusisita mimba ngati mboni.

A Pondeponde anati nkhani yake ndi yomveka, koma woyendera sangakhulupirire za m'makutu, ayenera kuona umboni. Anawabweretsera mphika, momwe munatsalira kamsuzi ndi kachiwindi kamene kanabisala pansi. Anauyesa umboniwo mosamala mpaka mphika unawala. Atasamba m'manja analengeza kuti inalidi nkhuku. Mayi wogulitsa makala anawakumbutsa mwaulemu kuti tsopano nawonso asenza gawo la nyumba ya a Konsitabolo, choncho akawoloka nalo mlatho kupita kwawo ku Phumulani adzakhala ataphwanyitsa lamulo munthu wosalakwa. A Pondeponde anaona kuti n'zoona, ndipo anauza wakabaza kuti adzawatenge mawa.

Koma ntchito inali isanathe. Poti khola tsopano linali nyumba zonse, anayenera kulowa nyumba iliyonse kuti aone ngati nkhukuyo ili ndi pogona poyenera. Anayenda khomo ndi khomo, a Chimtengo ali pambuyo, anthu ali pambuyo pawo. Atafika kwa Fulatira, mwini nyumba anayamba kunena kuti m'katimo simunasesedwe, muli nsikidzi, ndiponso denga likhoza kugwa. A Pondeponde anakankha chitseko ndi ndodo.

M'nyumbamo munalibe zambiri. Koma pakona, pamwamba pa njerwa zinayi, panali bedi lalikulu lachitsulo, ndipo pomwe bulangete linapindika pankaoneka mikango iwiri itagona chagada, ikuyang'ana kudenga.

Kunja anthu anayamba kubwerera m'mbuyo mwakachetechete. Fulatira anati iye anangochipeza chili chokhachokha pachipata, popanda wochiyang'anira, ndipo anachimvera chisoni.

A Pondeponde anakanda chipumi ndi belu. Anafunsa Fulatira ngati anadya nawo nkhuku. Anati anadya phazi. Anafunsa ngati phazilo ligona m'nyumba imeneyi. Anati ligona momwemo, ngati boma lilola. A Pondeponde anatembenukira kwa anthu n'kufotokoza pang'onopang'ono, ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala, kuti komwe kugona phazi kugona nkhuku, komwe kugona nkhuku kukukhala a Konsitabolo, ndiye kuti nyumba ino ndi ya wapolisi. Chitseko cha mfumu chapezeka m'nyumba ya wapolisi. Chinthu chopezeka m'nyumba ya wapolisi si chobedwa, ndi chosungidwa.

A Chimtengo anafuna kunena kuti iwo m'nyumbamo anali asanalowemo chibadwire, koma Mayi Chikopa anawaponda phazi.

Mawa lake chitseko chinanyamulidwa pamitu kupita kunyumba yachifumu, ana akuimba m'mbuyo. Nduna Yofotokoza Zomveka inafotokozera mzinda wonse kuti chitsekocho sichinabedwe, chinangotengedwa ndi apolisi kuti chisabedwe, ndipo umboni wake ngwakuti sichinabedwe. A Pondeponde anayamba kusimba za wapolisi wodzipereka amene sakukhala nyumba imodzi yokha m'dera lake koma zonse, ndipo asanafike pa za mphika mfumu inati yamva kale. Inalamula kuti njinga ikhale ya a Chimtengo kuyambira tsiku lomwelo, osadikira dzinja, ndi kuti apolisi ena onse achite chimodzimodzi. Mlungu umenewo fungo la nkhuku linamveka m'madera onse a Tangobwera, ndipo apolisi ambiri kanali koyamba kudziwa mayina a anthu amene ankawalondera. Fulatira anaikidwa kukhala mlonda wa pachipata, poti ndiye yekha ankadziwa mmene chitsekocho chimachokera.

A Chimtengo anabwerera ku Tsekanimsanga akukankha njinga yawoyawo, koma mtima uli m'mwamba. Anakhala pansi pa gwafa akuyang'ana njira ya kumlatho. Njinga anali nayo, tomato anali kudimba, koma pakati pa ziwirizi panali Nagama.

Sanadikire nthawi yaitali. Tsiku lina chakumasana anaona mayi akubwera ndi mtolo pamutu, mphasa kukhwapa, mthiko utatulukira pamwamba pa mtolowo. Anamudziwa ndi kayendedwe. Anadzuka, anamulandira katundu, n'kuyamba nkhaniyo kutali, pa mwambo wolandira alendo. Nagama anakhala pampando uja wa miyendo yokwanira n'kunena kuti asavutike, zonse wazimva kumsika, ndi zina zimene iwo sakuzidziwa. Anati kumudzi kwatsala mphwake woyang'anira mbuzi, ndipo iye wabwera kudzakhala komwe kuli nkhuku ya azakhali ake. Poti akuti ikugona nyumba zonse, aziyendera nyumbazo imodziimodzi nthawi ya chakudya, kuti aziona mmene ikukhalira. Mayi Chikopa, amene ankamvetsera ali pachiwaya cha zitumbuwa, anati mlamu wabwera ndi nzeru, ndipo ayambire kwa iye.

Kenaka Nagama anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Inu munadya chiyani?"

"Nthutumba, mayi. Ndi kantchafu."

Nagama anayang'ana mimba ya a Konsitabolo kwa nthawi yaitali, monga munthu ayang'anira khola limene sanamange yekha.

"Muziyenda nayo bwino," anatero. "Masana izikatola zake komwe ikufuna. Koma dzuwa likamalowa, ndiziiona ikulowa pakhomo pano."

Kuyambira pamenepo, dzuwa likayamba kufiira, anthu a ku Tsekanimsanga ankamva belu la njinga likuchokera kumsika mothamanga, ndipo ankapatuka panjira n'kuuzana kuti apatseni malo, a Konsitabolo akukalowa m'khola.